Phula loyera lochokera mu mpweya

Phula loyamba limene ndinatapa ndekha mu reactor, kampope kachitsulo kamene timalumikizanitsiramo mipweya, silikanadzaza ndi supuni ya tiyi yomwe. Linali loyera ngati mafuta a ng'ombe akaundana, lopanda fungo lenileni, ndipo ndinaliyang'ana nthawi yaitali ndisanaliike pa sikelo. Masiku anayi m'mbuyomo ndinali nditatsegulira mipweya iwiri yosaoneka ndi maso, carbon monoxide ndi haidrojeni, kuti izidutsa pa ufa wakuda wolemera theka la galamu. Tsiku limenelo panali chinthu choti munthu n'kuchigwira, kuchikanda ndi chikhadabo, ngakhale kuchiyatsa. Papita zaka 6 ndikugwira ntchito mu labu imeneyi kuno ku South Africa, koma ndikamamasula kabotolo kachitsulo kamene phulalo limagweramo, mtima umagundabe ngati tsiku lija.

Madzulo ake ndinaimbira foni amayi ku Ntcheu. Tisanapite patali anandifunsa funso limene linkawavuta kuyambira kale. "Kodi mwana wanga, ntchito yakoyo kwenikweni ndi yotani? Anzanga akandifunsa kutchalitchi ndimangoti uli ku yunivesite koma suphunzitsa." Ndinayamba kufotokoza za catalyst, mawu n'kumandithawa. Anandipulumutsa ndi iwo omwe. Anati, "Ukunena ngati chimera?" Ndinakhala kaye chete, chifukwa anali atalasa pomwepo. Phala la thobwa ukalisiya lokha limangokhala phala lolimba. Ukathiramo chimera pang'ono litazizirako, limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Ukafulumira kuthira likadali lobwadamuka, chimeracho chimapsa, ntchito yonse n'kuwonongeka. Zimene zimagwira ntchito m'chimeramo ndi ma catalyst ndithu, kungoti athu ndi achitsulo. Amafulumizitsa kusintha kwa zinthu, eni ake osatha nawo, ndipo nawonso ali ndi kutentha kwawo kumene amakufuna.

Reactor yanga si chinthu choopsa m'maonekedwe. Ndi kampope kachitsulo konenepa ngati chala chamkombaphala, kotalika ngati mkono, koikidwa m'kati mwa ng'anjo yamagetsi. Pakati pake timaikapo ufa uja, wosakaniza ndi mchenga wa silicon carbide kuti kutentha kusaunjikane malo amodzi, chifukwa mipweyayi ikamalumikizana imatulutsa kutentha kwambiri ndipo ukangolekerera, moto umadzisonkhezera wokha. Timatenthetsa kufika madigiri 220, mpweya n'kuupanikiza kufika ma bar 20. Tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa ma bar awiri ndi pang'ono, ndiye muone nokha. Ufawo ndi alumina, aluminiyamu wogwirana ndi okosijeni, ndipo pamwamba pake pamakhala timibulu ta chitsulo cha cobalt tating'ono kwambiri moti mutatindandalika 10,000 ndi pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ntchito yonse imachitikira pakhungu la timibulu timeneti. Cobalt wobisika m'kati mwa kambulu ndi ndalama yongotaya, n'chifukwa chake timatichepetsa. Koma ofufuza a ku Utrecht anasonyeza mu 2006 kuti tikachepetsetsa, kutsika pansi pa ma nanometre 6 mpaka 8 (nanometre ndi gawo limodzi pa magawo biliyoni a mita), timayamba ulesi n'kumatulutsa methane wambiri m'malo mwa mafuta.

Chimene chinandikola pa ntchito imeneyi, mpaka lero sichinandisiye, ndi ichi: mipweya ndi yomweyomweyo, koma ukasintha chitsulo chimene ikudutsapo, chotuluka chimasinthiratu. Ukaika nickel, umapeza methane, gasi wofanana ndi amene amatuluka m'dzenje la ndowe. Ukaika mkuwa wosakaniza ndi zinc, umapeza methanol, mtundu wa alcohol wosamwedwa umene mafakitale amagwiritsa ntchito. Ukaika cobalt, umapeza phula ndi dizilo. Ayironi imapereka zosakanikirana: petulo, mipweya yopangira mapulasitiki, ndi mitundu ina ya alcohol. Ruthenium, chitsulo chosowa kwambiri, imaposa zonsezi kulimbikira, koma mtengo wake ndi woti palibe fakitale ingadzaze nayo reactor, choncho imathera m'malabu kapena kuwazidwa pang'ono ngati mchere.

Chinsinsi chake chagona pa kagwiridwe. Mu molekyu ya carbon monoxide, imene timangoilemba kuti CO, atomu ya kaboni ndi ya okosijeni zimagwirana mwamphamvu kwambiri. Ikatera pa chitsulo, chitsulocho chimaigwira. Ndi ngati kugwira mwanapiye: ukafinya afa, ukalekerera akupulumuka. Chitsulo chogwira mopitirira chimakutidwa ndi kaboni n'kutsamwa. Chogwira mofooka chimangoona mpweya ukudutsa. Mkuwa umagwira mofatsa moti suthyola CO, umangoiwonjezera haidrojeni, ndiye chifukwa chake methanol amakhalabe ndi okosijeni wake. Cobalt ndi ayironi zimathyola, okosijeni n'kuchoka ngati madzi, kaboni wotsalayo n'kuyamba kutungana ndi anzake ngati mikanda pa ulusi. Mkanda umodzi ndi methane. Ikakwana 5 mpaka 11 tili pa petulo, ikapitirira apo kufika cha m'ma 20 ndi palafini ndi dizilo, ikaposa pamenepo ndi phula. Nickel imathyolanso, koma imapupuluma kuthira haidrojeni, mkanda woyamba womwewo n'kuchoka usanapeze mnzake.

Pali chinthu china chimene chimawakwiyitsa ophunzira atsopano. Palibe njira youzira cobalt kuti apange dizilo yekhayekha. Pa sitepe iliyonse ulusi uja umakhala ndi mwayi wolandira mkanda wina kapena kuduka n'kuchoka, ndipo pa catalyst yabwino ya cobalt mwayi wopitirira umakhala pafupifupi 9 pa 10. Zotsatira zake ndi mtundu wonse, aafupi ndi aatali omwe. Ndiye mafakitale amachita mwanzeru: amapanga dala phula lochuluka, kenako n'kulidula m'zidutswa za dizilo ndi mafuta a ndege pa catalyst ina. Phula lina amaligulitsa momwemo, limakalowa m'makandulo, polishi, inki ndi guluu.

Nzeru zimenezi si zatsopano. Mu 1902, ku Toulouse m'dziko la France, Paul Sabatier ndi mnzake Jean-Baptiste Senderens, amene anali wansembe wa Katolika, anaona kuti nickel imasandutsa CO komanso carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa popuma, kukhala methane. Sabatier analandira mphoto ya Nobel mu 1912. Mu 1923 kampani ya BASF inayamba kupanga methanol ku Leuna ndi catalyst ya zinc ndi chromium, yofuna kupanikiza mpweya ma bar mazanamazana, mpaka pamene ICI ya ku Britain inabweretsa ya mkuwa mu 1966, yogwira ntchito pa ma bar 50 mpaka 100. Catalyst ya mkuwa, zinc ndi alumina imeneyi ndi yomwe ikupangabe methanol wambiri padziko lero. Ndipo mu 1925, ku Mülheim an der Ruhr, Franz Fischer ndi Hans Tropsch anapeza njira yopangira mafuta amadzimadzi, imene mpaka pano imatchedwa ndi mayina awo.

Mbiri ya njira ya Fischer-Tropsch siyokoma, ndipo ine sindikonda anthu akamaidumpha. Germany inali ndi malasha ambiri, amene amatha kusandutsidwa CO ndi haidrojeni, koma yopanda zitsime za mafuta, ndipo mafakitale 9 a njira imeneyi anathandiza kuyendetsa nkhondo ya Hitler. Dziko lachiwiri kuikumbatira linali South Africa ya tsankho, pa chifukwa chofanana. Kampani ya Sasol inakhazikitsidwa mu 1950, fakitale ya ku Sasolburg n'kuyamba kutulutsa mafuta mu 1955. Mayiko atayamba kukana kugulitsa mafuta ku boma la tsankho m'ma 1970, anamanga mafakitale awiri akuluakulu ku Secunda, amene anayamba ntchito mu 1980 ndi 1982. Mu June 1980 asilikali a Umkhonto we Sizwe, gulu la ANC lolimbana ndi tsankho, anaphulitsa matanki ku Sasolburg chifukwa ankadziwa bwino kuti boma lija likupumira pamenepo. Luso limene ndimalikondali linakula chifukwa cha maboma amene anthu onga ine sankatiwerengera. Ndimaganiza zimenezi kawirikawiri ndikamayeza ufa wanga.

Ndinadutsapo ku Secunda usiku wina pa msewu wa N17. Umayamba kuona kuwala ukadali kutali, kenako chumuni choposa mamita 300, malawi a gasi, ndi nthunzi yokwera ngati mitambo ya mvula. Malowa angathe kupanga migolo pafupifupi 160,000 ya mafuta patsiku, ndipo catalyst yake ndi ayironi yosakaniza ndi potaziyamu pang'ono, yogwira ntchito cha pa madigiri 340. Anasankha ayironi chifukwa mpweya wochokera ku malasha umakhala ndi haidrojeni wochepa, ndipo ayironi ili ndi luso lotenga madzi ndi CO n'kupanga haidrojeni wina. Mtengo wa luso limeneli ndi carbon dioxide wochuluka zedi. Secunda imatulutsa matani oposa 50 miliyoni a mpweya umenewu pachaka, ndipo imatchulidwa kuti ndi malo amodzi otulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka kuposa ena onse. Kuyambira 2004 gasi wina amene amalowa kumeneko amachokera ku Pande ndi Temane ku Mozambique, kudzera m'paipi ya makilomita 865. Cobalt amene ndimagwiritsa ntchito ine, mwayi waukulu ndi woti anakumbidwa ku Congo, kumene kumachokera pafupifupi magawo 7 mwa 10 a cobalt wa dziko lonse, ndipo ruthenium wambiri amachokera m'miyala ya Bushveld konkuno. Zitsulozi ndi za m'nthaka yathu ya Africa, ngakhale mafakitale atsopano ogwiritsa ntchito cobalt anakamangidwa ku Bintulu m'dziko la Malaysia mu 1993 ndi ku Qatar, kumene fakitale ya Pearl GTL inayamba mu 2011.

Tsopano ndikuuzeni za imfa ya catalyst, chifukwa munthu sungaidziwe bwino usanaipheko.

Ufa ukamalowa mu reactor umakhala uli m'tulo, cobalt wake atagwirana ndi okosijeni ngati chitsulo chadzimbiri. Kuti udzuke timaupititsira haidrojeni yekha pa madigiri 350 usiku wonse, kutentha kukukwera digiri imodzi pa mphindi, osathamanga. Ukadzuka sufunanso kuona mpweya wakunja. Kampata kakang'ono pa cholumikizira n'kokwanira kuubwezera m'tulo. Madzi amene umapanga wokha amaufooketsa pang'onopang'ono, kutentha kukachuluka timibulu tija timasungunukirana n'kukhala zibulu zazikulu zaulesi, kaboni nayenso amaukuta. Koma mdani wamkulu ndi sulufule.

Chaka changa chachiwiri ndinali ndi catalyst imene wophunzira wina wa PhD anaipanga kwa miyezi iwiri. Inayenda bwino masabata awiri, nambala zili phee. Kenako valavu ina inayamba kudontha, ndipo pofuna kupulumutsa ntchito ndinatenga ina m'kabati, yooneka yoyera bwinobwino, n'kuikapo. Sindinafunse kumene inachokera. Inali itagwirapo ntchito pa makina ena amene ankayesera mpweya wa sulufule. Patangopita masiku atatu, CO amene ankasandulika mafuta anatsika kuchoka pa theka kufika poti n'kuwerenga ndi zala. Ndinakweza kutentha, ndinayang'ana paliponse pamene pangadonthe, osaphula kanthu. Sulufule akamatirira pa cobalt sachokanso, ndipo amafunika wochepa zedi: mafakitale amayeretsa mpweya wawo kufika poti pa mamolekyu biliyoni imodzi, a sulufule asapitirire makumi ochepa chabe. Ndinapita ndekha kukamuuza mwini catalyst uja. Analira, nanenso misozi inalengeza. Bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito m'mafakitale zaka zambiri asanabwere ku labu kwathu anandiitanira pambali n'kundiuza kuti chitsulo chilichonse cholowa pa reactor ndizichifunsa mbiri yake ngati mkamwini wobwera kudzafunsira mbeta. Kuyambira tsiku limenelo valavu iliyonse ya m'kabati mwathu ili ndi kapepala kofotokoza kumene yadutsa, ndipo timapepalato ndimalemba ndine.

Zaka zaposachedwapa ntchito yathu yatembenukira ku carbon dioxide, CO2. Maganizo ake ndi okopa: mpweya umene ukutenthetsa dziko, tiutenge, tiuphatikize ndi haidrojeni, ubwerere kukhala mafuta. Ophunzira amabwera maso ali ngwee ndi loto limeneli, ndipo ine ndimalilemekeza. Kungoti CO2 ndi phulusa. Ndi chimene chimatsala moto ukamaliza kudya. Kubweza phulusa kuti likhalenso nkhuni kumafuna kuti ubwezeremo mphamvu yonse imene inatuluka poyaka, ndi ina yapamwamba yotayika m'njira. Catalyst, ngakhale itakhala yabwino chotani, singakuchotsere ngongole imeneyi. Imangofupikitsa njira, mtunda wokwera ndi womwewo.

Zitsulo nazonso zimasintha khalidwe zikakumana ndi CO2. Cobalt uja wopanga phula amangotulutsa methane. Nickel imapitiriza ntchito yake yakale, ndipo ili ndi malo ake: ku Werlte m'dziko la Germany anatsegula fakitale ya methane wotere mu 2013, ndipo njira yomweyo ya Sabatier, pa catalyst ya ruthenium, inakwezedwa ku International Space Station, malo ofufuzira a m'mlengalenga, mu 2010 kuti mpweya umene anthu amapuma uzibwezedwa kukhala madzi. Ayironi yokhala ndi potaziyamu ndi imene imandisangalatsa, chifukwa imagwira ntchito ziwiri pakamodzi: mbali imodzi ya kambulu, imene ili ngati dzimbiri, imasandutsa CO2 kukhala CO, ndipo mbali ina, imene ayironi yalowana ndi kaboni, imatunga mikanda ija. Mkuwa umapanga methanol kuchokera ku CO2 mosavuta, koma madzi otuluka amachuluka ndipo amaukalambitsa msanga, n'chifukwa chake anthu akuyesa zina monga indium oxide. Ku Svartsengi m'dziko la Iceland anamanga fakitale yotchedwa dzina la wasayansi George Olah imene inayamba kupanga methanol wa CO2 cha mu 2012, n'kukula kufika matani 4,000 pachaka. Kum'mwera kwa Chile, pafupi ndi Punta Arenas, fakitale ya Haru Oni inatulutsa petulo wake woyamba kumapeto kwa 2022. Taonani kumene anamanga: kwina magetsi amachokera ku nthunzi yapansi pa nthaka, kwina ku mphepo yosaleka. Anatsatira magetsi otchipa, osati utsi.

Masamu ake ndi awa, ndipo ndimawalembera wophunzira aliyense pa bolodi tsiku loyamba. Tani imodzi ya methanol imafuna matani pafupifupi 1.4 a CO2 ndi makilogalamu pafupifupi 190 a haidrojeni. Kuti upeze kilogalamu imodzi ya haidrojeni pong'amba madzi ndi magetsi, pamapita mayunitsi 50 kapena kuposerapo, mayunitsi omwewa timagula pa mita yakunyumba. Ndiye tani imodzi imadya mayunitsi pafupifupi 10,000. Haidrojeniyo akachokera ku malasha kapena gasi, monga mmene wambiri amachokera lero, ndiye kuti watulutsa CO2 wochuluka kuposa amene wabweza.

Mlongo wanga atagona pa mzere wa petulo ku Lilongwe usiku wachiwiri wotsatizana, ananditumizira uthenga: "Achemwali, inu mumapanga mafuta kumeneko, bwanji osabwera kudzatipangira kuno?" Sindinaseke, chifukwa funsolo linali lochokera pansi pa mtima, ndipo lili ndi mbali yoona. Ku Dwangwa akhala akupanga ethanol kuyambira 1982, ku Chikwawa nakonso amapanga, ndipo chofufumitsa chikamadya shuga chimatulutsa CO2 woyera bwino, wolemera pafupifupi mofanana ndi ethanol yemweyo. Kwa munthu wa ntchito yanga, umenewo ndi mpweya wapamwamba, wosavuta kuyeretsa kusiyana ndi utsi wa malasha. Koma ndinakhala pansi n'kuwerengetsa. Titatenga magetsi onse a Kapichira, pafupifupi ma megawatt 130, usana ndi usiku, osasiyirako nyumba kapena chipatala ngakhale chimodzi, tingapange matani 300 okha a methanol patsiku. Popeza lita ya methanol ili ndi theka chabe la mphamvu ya lita ya petulo, zimenezi n'zofanana ndi matanki 5 kapena 6 a petulo amene amalowa pa Mwanza kapena pa Songwe. Ndinamuyankha zoona: m'dziko limene anthu ambiri sanalumikizidwe n'komwe ku magetsi, yuniti iliyonse ili ndi ntchito yofunika kuposa kung'amba madzi. Yuniti yomweyo ikalowa m'batire ya njinga yamoto imayenda mtunda wautali kangapo kuposa itazungulira kudzera mu reactor yanga.

Komabe sindiona ntchito yangayi ngati yachabe, ndipo apa ndimatsutsana ndi anzanga ena amene anataya mtima. Pali zinthu zimene batire singazithe. Ndege youluka kuchoka ku Johannesburg kupita ku London idzafunabe mafuta amadzimadzi kwa zaka zambiri. Sitima zapamadzi zina zayamba kale kuyendera methanol. Mapulasitiki, penti, guluu ndi mankhwala zimafuna kaboni weniweni m'thupi mwake, ndipo kaboni ameneyo ayenera kuchokera penapake tikadzaleka kumukumba pansi. Tsiku limene magetsi adzuwa ndi amphepo adzachuluke mpaka kutsala masana, padzafunika catalyst yopirira madzi, yosafa magetsi akamabwera n'kumapita, yosadalira zitsulo zosowa. Imeneyo sinapezeke bwinobwino, ndipo siidzapezeka ndi mwayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imafuna anthu okhala pafupi ndi kampope kachitsulo masabata ndi masabata, kulemba nambala zoona ngakhale zikhale zokhumudwitsa.

Sabata ino mu reactor muli ayironi ndi potaziyamu, mpweya wolowa ndi magawo atatu a haidrojeni pa gawo limodzi la CO2, madigiri 300. Lero ndi tsiku la 9. M'mawa uno nditatsegula kabotolo kozizira ndinapeza madzi ambiri, monga mwa masiku onse, chifukwa pa mkanda uliwonse wa kaboni pamatuluka mamolekyu awiri a madzi. Koma pamwamba pa madziwo pankayandama kamzere kopyapyala ka mafuta achikasu, konunkhira ngati palafini wa m'koloboyi. Ndinakayamwa ndi kajakisoni mosamala, kanakwana madontho 14. Ndinajambula chithunzi n'kutumizira amayi. Anayankha ndi uthenga wamawu, akufunsa ngati chimera changa chikadali moyo. Ndawauza kuti chilipo, ngakhale chafookako pang'ono poyerekeza ndi Lolemba. Mawa 6 koloko m'mawa ndikatapanso.